Sipika ndi yomweyo, nanga besi yapita kuti?

Ngati kwanu kuli sipika yakale imene inachotsedwa m'wailesi kapena m'galimoto, tayesani izi madzulo ano. Ilumikizeni ku ampulifaya, muigwire m'manja popanda bokosi, muike nyimbo ya besi yambiri. Muona koni, chimbale chapepala chija, ikuvina ndithu, kupita kutsogolo n'kubwerera, koma chofika m'khutu ndi kamawu kowonda ngati ka foni. Kenako tengani katoni, muboole bowo lokwana sipikayo, muikhazike pamenepo, katoniyo muitseke bwinobwino ndi tepi. Nyimbo ndi yomweyo, voliyumu simunaikhudze, koma mawu anenepa. Besi imeneyi yachokera kuti?

Funsoli si lamasewera, chifukwa limakhudza thumba. Ndimaona anyamata ndi atsikana ambiri okonda zopangapanga akusunga ndalama miyezi, kukagula sipika ya mainchesi 12 yolembedwa mawatsi oopsa pachomata chake, n'kuiika m'bokosi la matabwa opyapyala lokhomedwa mothamanga. Ikalira, besi palibe, kapena ilipo koma yongoti buu buu, liwu limodzimodzi nyimbo iliyonse. Zikatero amakweza voliyumu, batani la besi n'kulipotoza mpaka kumapeto, ndipo sabata isanathe m'nyumba mumamveka fungo la waya wopsa. Sipika yapita. Chonsecho vuto silinali sipika ayi. Linali bokosi, ndipo nkhani ya bokosi ndi Physics yomwe ija mumaphunzira m'kalasi.

Besi ndi mafunde aatali

Kumbuyo kwa sipika kuli maginito, ndipo pakati pa maginitowo pali koyilo ya waya yomatidwa ku koni. Magetsi ochokera ku ampulifaya akamadutsa m'koyilo, uku akusinthasintha kolowera, koyilo imakankhidwa ndi kukokedwa, koni n'kumakankha mpweya. Kapangidwe kameneka anakakonza Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America mu 1925, ndipo mpaka lero sipika ya m'minibasi, ya kutchalitchi ndi kaja ka m'foni mwanu zimagwira ntchito mwanjira yomweyi.

Maulendo amene koni imapita ndi kubwera pa sekondi imodzi ndiye frequency, yomwe timayeza mu hertz. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz. Besi ili kumunsi kwenikweni, tinene kuti kuyambira 20 mpaka cha m'ma 200 Hz. Nsambo yonenepa kwambiri pa gitala ya besi ya nsambo zinayi imalira pa 41 Hz.

Tsopano kumbukirani v = fλ. Mawu amathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi mumpweya wa 20°C. Gawani 343 ndi 10,000 Hz, mupeza kuti funde limodzi n'lotalika masentimita 3.4 basi. Pa 1,000 Hz ndi masentimita 34, kuposa rula yanu pang'ono. Koma pa 50 Hz funde limodzi ndi mamita pafupifupi 7, kutalika kuposa chipinda chimene mumagona.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Koni ikamapita kutsogolo imapanikiza mpweya wakutsogolo, koma nthawi yomweyo kumbuyo kwake imasiya mpata, mpweya wakumeneko n'kuchepa. Mpweya wopanikizidwa suchedwa, umafuna kukadzaza pamene pachepapo. Pa 50 Hz koni imatha masekondi 0.01 ikupita mbali imodzi isanatembenuke. M'kanthawi kameneko mawu amayenda mamita 3.4, pamene njira yozungulira m'mphepete mwa sipika kukafika kumbuyo ndi masentimita 20 kapena 30 okha. Ndiye mpweya umangolambalala, wakutsogolo kukadzaza kumbuyo, koni ikabwerera wakumbuyo kudzadzaza kutsogolo. Ntchito yagwiridwa, batire latha, koma kwa inu sikunafike kanthu. Pa 10,000 Hz koni imatembenuka msanga kwambiri moti mpweya supeza nthawi yozungulira, n'chifukwa chake mawu ang'onoang'ono amamveka bwinobwino ngakhale popanda bokosi.

Mukafuna kuziona ndi maso, viikani chikhato m'beseni la madzi. Kankhani pang'onopang'ono: madzi angozungulira dzanja, mafunde osaoneka. Gwedezani mwachangu, mafunde mbwee. Ntchito yoyamba ya bokosi ndi yomweyo basi, kutsekera mpweya wakumbuyo kuti usakumane ndi wakutsogolo.

Palinso china chimene chimapangitsa besi kukhala yodula. Mukatsitsa frequency ndi theka, koni iyenera kuyenda mtunda wowirikiza kanayi kuti mawu amveke mokweza ngati poyamba. Kuchoka pa 100 Hz kufika pa 50 Hz, kanayi. Kufika pa 25 Hz, ka 16. Besi ndi kusuntha mpweya wambiri, ndipo kasipika ka m'foni ngakhale katalimbikira bwanji sikangathe.

Bokosi lotseka

Njira yapafupi ndi kutseka bokosi mbali zonse, osasiya kabowo. Koma mukatero mwabweretsa mlendo wina. Tengani pampu ya njinga, mutseke kukamwa kwake ndi chala, mukankhe. Imabweza, eti? Mpweya wotsekeredwa uli ngati sipuling'i, ndipo ukakhala wochepa sipuling'iyo imalimba kwambiri. Koni imene ili pa bokosi lotseka ikukankhana ndi sipuling'i yotereyi ulendo uliwonse.

Oimba ng'oma zimenezi anazidziwa kalekale. Ng'oma ikalefuka amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, liwu n'kukwera. Akafuna liwu lakuya amamata phula pakati pa chikopa kuti chilemere, liwu n'kutsika. Chinthu chilichonse chonjenjemera chili ndi frequency yake imene chimakonda, yomwe m'mabuku mumaitcha resonance: kulimba kumaikweza, kulemera kumaitsitsa. Sipika nayo ili ndi yake, imene opanga amailemba kuti Fs. Mukaiika m'bokosi laling'ono, mwaiwamba pamoto. Resonance yakwera, ndipo mawu onse a pansi pa resonance imeneyo amayamba kuzimirira.

Ikwera bwanji? Pali masamu ake, ndipo si ovuta. Neville Thiele, injiniya wa ku Australia, analemba za izi mu 1961, kenako Richard Small anazipititsa patsogolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kuyambira pamenepo makampani abwino amalemba manambala angapo papepala la sipika iliyonse, ndipo ofunika kwa ife ndi atatu: Fs, Vas ndi Qts. Vas amaiyeza m'malita, ndipo imatiuza kuti sipikayo ndi yofewa motani. Resonance yatsopano m'bokosi lotseka ndi

Fc = Fs × √(1 + Vas ÷ Vb)

pomwe Vb ndi malita a mpweya wa m'bokosi mwanu.

Tiyerekeze kuti sipika yanu ili ndi Fs ya 40 Hz ndi Vas ya malita 60. Mukaiika m'bokosi la malita 20, lofanana ndi chigubu cha madzi, mupeza 40 × √4, yomwe ndi 80 Hz. Nsambo ija ya 41 Hz muziimvera kutali. M'bokosi la malita 60 mupeza 57 Hz, ndipo kusiyana kwake agogo anu omwe akumva. Nanga la malita 180? Mupeza 46 Hz. Mwaonatu: kuchoka pa malita 20 kufika pa 60 mwapindula 23 Hz, koma kuwonjezera malita ena 120 mwangopindula 11 Hz, matabwa atha, bokosi lasanduka kabati yosatuluka pakhomo. Kukula kumathandiza, koma kuli ndi polekezera.

Edgar Villchur wa ku America anaitembenuza nkhaniyi mu 1954. Iye anati, poti mpweya wa m'bokosi ndi sipuling'i kale, bwanji osapanga sipika yofewa kwambiri, ya Fs yotsikitsitsa, kuti mpweyawo ndiwo uziigwira? Kampani yake ya Acoustic Research inatulutsa AR-1, bokosi lokwana pashelefu koma la besi yakuya imene anthu ankaganiza kuti imafuna chibokosi chachikulu. Malipiro ake anali magetsi: bokosi lotere limafuna ampulifaya yamphamvu. Amisiri a masipika ali ndi lamulo limene amalitchula ndi dzina la Hofmann, loti pa zinthu zitatu izi, bokosi laling'ono, besi yakuya, ndi kulira mokweza pa magetsi ochepa, mutha kupeza ziwiri zokha. Wogulitsa akakuuzani kuti kabokosi kake kali ndi zonse zitatu, ingomwetulirani.

Bowo lija si lotulutsira kutentha

Mabokosi ambiri a kumsika ali ndi bowo kutsogolo kapena kumbuyo, nthawi zina lokhala ndi payipi. Ndamvapo ena akuti ndi loti sipika izipuma isatenthe. Ena amangoboola paliponse pamene pawakomera, poti mabokosi a eni ake alinso ndi bowo. Apa ndi pamene mabokosi ambiri opanga tokha amaonongekera.

Tengani botolo lopanda kanthu la Fanta, muuzire pakamwa pake chopingasa. Lilira huu. Thiranimo madzi mpaka theka, muuzirenso: liwu lakwera. Chikuchitika n'choti mpweya wa m'khosi mwa botolo uli ngati kachinthu kolemera, pamene mpweya wa m'mimba mwake ndi sipuling'i, ndiye wam'khosiwo ukudumphadumpha pa sipuling'iyo. Madzi achepetsa mpweya wa m'mimba, sipuling'i yalimba, liwu lakwera. Zimenezi zimatchedwa Helmholtz resonance, potengera Hermann von Helmholtz, wasayansi wa ku Germany wa zaka za m'ma 1800. Albert Thuras wa ku Bell Laboratories ndi amene analandira patent yogwiritsa ntchito nzeruyi pa bokosi la sipika mu 1932.

Bokosi la payipi ndi botolo lalikulu, ndipo wouzira ndi kumbuyo kwa koni. Pa frequency imene bokosilo lachunidwa, mpweya wa m'payipi umatuluka ndi kulowa mwamphamvu, ndipo mawu ake amathandizana ndi akutsogolo m'malo molimbana nawo. Mphamvu imene m'bokosi lotseka ikanangothera m'kati, pano yapeza ntchito. Koma frequency imeneyo siibwera mwamwayi. Imadalira zinthu zitatu: kukula kwa bokosi, kukula kwa kamwa la payipi ndi kutalika kwake.

f = (v ÷ 2π) × √(A ÷ (V × L))

Tiyeni tiwerengere limodzi, calculator m'manja. Bokosi lathu m'kati mwake likhale masentimita 50 × 32 × 25. Zimenezo ndi 40,000 cm³, kapena malita 40, kapena 0.04 m³. Muziyeza m'kati, anzanga, osati kunja. Payipi tigule ya PVC ya kuhadiweya, imene kamwa lake m'kati ndi masentimita 7. Area yake ndi π × 0.035², yomwe ndi 0.00385 m². Tikufuna lichunidwe pa 40 Hz. Gawani 343 ndi 2π, mupeza 54.6. Gawani 40 ndi 54.6, mupeza 0.733, ndipo square yake ndi 0.537. Ndiye L = 0.00385 ÷ (0.04 × 0.537), yomwe ndi mamita 0.18, kapena masentimita 18.

Musadule kaye. Mpweya umene uli kunja pang'ono kwa mbali zonse ziwiri za payipi nawonso umayenda nawo, choncho payipi imachita ngati ndi yaitali kuposa mmene ilili. Chotsani pafupifupi 0.73 kuchulukitsa ndi kukula kwa kamwa, apa ndiye masentimita 5. Payipi yodula ndi ya masentimita 13.

Yang'anitsitsani masamuwo muone chinthu chimene ambiri chimawadabwitsa. Payipi yaitali imatsitsa liwu, koma payipi yonenepa imalikweza. Mukasankha ya kamwa la masentimita 10, iyenera kutalika pafupifupi masentimita 30 kuti mukhalebe pa 40 Hz. Ndipo bowo lalikulu longoboola pathabwa popanda payipi limachuna bokosi pamwamba kwambiri, n'kumene kumachokera buu buu uja. Mwina muganiza zongoika kapayipi kowonda kuti kakhale kakafupi. Masamu alola, koma makutu akana, chifukwa mpweya ukamathinana pakabowo umayamba kulira fuu fuu ngati munthu wa befu.

Mudziwa bwanji kuti mwalasa? Njira imene ndimaikonda ndi ya mpunga. Gonekani bokosi chagada, muike timbewu ta mpunga tochepa pa koni. Ikani pafoni pulogalamu yotulutsa liwu limodzi pa frequency imene mwasankha, zilipo zambiri zaulere, ingofufuzani tone generator. Voliyumu ikhale yotsika. Yambani pa 80 Hz muzitsika pang'onopang'ono. Mpunga uzidumpha, kenako pa frequency inayake ukhala ngati wagona, koma mukaika dzanja pakamwa pa payipi mumva mphepo yamphamvu. Pamenepo ndiye pamene bokosi lanu lachunidwa, koni ikupuma, payipi ikugwira ntchito. Ngati mwapeza 34 Hz pomwe mumafuna 40, fupikitsani payipi pang'ono muyesenso. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi payipi yaitaliko, osaimata ndi guluu mpaka mutakhutira.

Pitirizani kutsika pansi pa frequency imeneyo, muona chinthu choopsa: mpunga uyambanso kudumpha, tsopano mopenga, koma mawu osamveka. Pansi pa pamene lachunidwa, bokosi la payipi limasiya kuigwira koni, zimangokhala ngati sipika ili pamtunda popanda bokosi. Nyimbo ya besi yakuya kwambiri mukaiika mokweza, koyilo imamenya kumbuyo, mumva kuti kha kha kha. Mukamva zimenezo tsitsani msanga.

Ndiye tisankhe liti? Ngati pepala la sipika lilipo, onani Qts. Ikakhala pansi pa 0.4, kawirikawiri sipikayo imakondwa m'bokosi la payipi. Ikapitirira 0.5, ipatseni lotseka. Koma masipika ambiri amene timawapeza, ochotsa m'magalimoto kapena ogula pabenchi, alibe pepala lililonse. Pamenepo maganizo anga ndi oti pangani lotseka, lalikulu bwino. Bokosi lotseka limakhululuka: mukaphonya ndi malita angapo palibe amene adziwe, besi yake imazimirira pang'onopang'ono, ndiponso limateteza koni. La payipi likachunidwa molakwika limalira moipa kuposa katoni ija tinayamba nayo.

Thabwa lisamaimbe nawo

Masamu onsewa amaganiza kuti makoma a bokosi sakusuntha ndipo mpweya sukuthawa. Thabwa lopyapyala limanjenjemera, ndipo likatero likudya mphamvu ya besi n'kumawonjezera phokoso lakelake. Gwiritsani ntchito MDF kapena pulayiwudi ya mamilimita 18 ngati thumba lilola. Ngati muli ndi yopyapyala, khomani timitengo m'kati tolumikiza khoma ndi linzake loyang'anana nalo. Gogodani ndi chala: likamveka ngati ng'oma, ntchito ikadalipo. Lizimveka ngati mukugogoda chitsa.

Misomali yokha siikwanira. Pakani guluu wa matabwa polumikizira paliponse, mumange ndi masikuluu, kenako mumate m'makona onse a m'kati. Pamene sipika ikukhala pathabwa ikanipo mphira wa chubu cha njinga, ndipo kabowo kodutsa waya musakaiwale. Poyesa bokosi lotseka, kankhani koni pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati, osadina kachipewa kapakati kaja. Imve kulimba, ndipo pasamveke mpweya ukutuluka penapake. M'kati ikanimo thonje la m'pilo momasuka, osalipanikiza. Limameza mawu obwerera m'makoma ndipo limachititsa bokosi kukhala ngati lakulako pang'ono. M'bokosi la payipi thonjelo lingokhala m'makoma, lisatseke kamwa la payipi.

Zaulere

Ngati muli ndi masipika awiri, pali cholakwika china chimene chimapha besi yonse ngakhale mabokosi ali abwino. Mawaya a sipika imodzi akatembenuzidwa, koni ina imapita kutsogolo pamene inzake ikubwerera, ndipo tabwerera ku vuto loyamba lija: uyu akukankha mpweya, uyo akuumeza. Chotsani mawaya ku ampulifaya, mutenge batire la tochi la 1.5 V, mugunditse kamphindi. Waya umene ukakhudza ku + ya batire koni n'kutuluka kunja, umenewo ndiye +. Ulembeni chizindikiro, muchite chimodzimodzi ndi sipika inayo. Onaninso ma ohm: masipika awiri a 4 ohms mukawalumikiza mu parallel amakhala 2 ohms, ndipo ampulifaya zambiri zazing'ono zimatentha nazo mpaka kufa.

Batani la besi lija nalo si mphatso. Kukweza besi ndi 6 dB kumafuna mphamvu yowirikiza kanayi. Ampulifaya ikafika polekezera imayamba kudula nsonga za mafunde, mawu amasasa, koyilo imatentha, ndiye fungo lija. Makutu anunso ali ndi polekezera: akamalira okha nyimbo itazima, dziwani kuti munapyola, ndipo timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso.

Besi yaulere yeniyeni ili m'makoma a nyumba. Bokosi likakhala pakati pa chipinda, mafunde aatali aja amabalalikira mbali zonse. Liikeni pansi pafupi ndi khoma, besi ikwera. Pakona ikweranso, mwina mpaka kunyanya. Chipinda nachonso chili ndi resonance yake: ngati ndi chotalika mamita 4, funde la 343 ÷ 8, pafupifupi 43 Hz, limagunda khoma n'kubwerera mogwirizana ndi lomwe likubwera, kupanga standing wave ija ya m'buku. Zotsatira zake n'zakuti pa frequency imeneyo kukhoma besi ndi yambiri, koma pakatikati pa chipinda ili zii. Munthu atha kunyoza bokosi labwinobwino chifukwa choti mpando wake uli pamalo olakwika.

Kuti mupeze malo abwino osanyamula bokosi kakhumi, chitani zotembenuza. Ikani bokosilo pampando pamene inu mumakhala, muike nyimbo imene gitala ya besi imayenda kukwera ndi kutsika, ndiye inuyo mukwawe m'mphepete mwa makoma mutu uli pafupi ndi pansi. Pamene mumve manotsi onse akumveka mofanana, popanda lina lophulika ndi lina losowa, ikani chizindikiro ndi choko. Bokosi lipite pamenepo, inu mubwerere pampando. Achemwali anu akakupezani mukukwawa pabalaza, auzeni kuti ndi practical ya Physics.